Mchere wa Mkazi Mnzanga

Sendera kuno, mwamuna wanga, usakhale kumphepo ngati mlendo. Chisanu cha kuno ku Tsangano mwezi wa June sichiseka ndi munthu. Funso lakoli ukanapita nalo kwa amako akanakuthamangitsa ndi chikuni, ndipo akanakhoza, chifukwa mwana ndi make sakamba za kumphasa. Koma ine ndine ambuyako. Ndinayamba kukutchula mwamuna wanga uli kumsana, mkazi wakoyo ndi mkazi mnzanga, ndiye tibisirananji? Wati m'mabuku mwako analemba kuti makolo athu ankapembedza ndi zolaula. Wolembayo anaona utsi ali patali, moto sanauwothe.

Ine ndinabadwa mu 1945, chaka chimene apadiri a chiJezuiti anayamba mishoni ya Fonte Boa. Zambiri zimene ndikuuze si zanga ayi, ndi za ambuye anga obala amayi, amene anali namkungwi. Kwawo kunali ku Makanga, mbali za ku Furancungo, ndipo ankakumbukira akuthawira kuphiri ali kamtsikana pa nkhondo ya Chinsinga ndi Apwitikizi mu 1902. Kuno anabwera chitengwa, atakwatiwa ndi Mngoni. Ndiye m'nyumba mwathu munali miyambo iwiri, ya chikopa ndi ng'ombe kuchimuna, ya mtondo ndi mvula kuchikazi. Ine makutu anga anatsata yachikaziyo.

Ambuyewo nkhani iliyonse ankaiyambira ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, pamalire pomwe ife ndi a ku Malawi timagawana madzi. Ankati poyamba dziko linali gwa, louma, lopanda kanthu kopuma. Tsiku lina kumwamba kunatseguka, Chauta anatsika ndi mvula, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse. Anthu awiriwo anatsika atanyamula khasu, lichero ndi mtondo. Thanthwe limene anaterapo linali lofewa, mapazi awo anadindika, kenaka linauma. Mvula ija italowa m'nthaka, zomera zinatuluka, ndipo anthu, nyama ndi Chauta ankakhala pamodzi osaopana. Tsono mwamuna uja anatola timitengo tiwiri, kolimba ndi kofewa. Anagoneka kofewa pansi, kolimba anakaimika pamwamba pake, n'kuyamba kupeka. Moto unabuka, tchire linapsa, nyama zinathawa zitakwiya kupatula galu ndi mbuzi zimene zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, nanena kuti kuyambira tsopano munthu azifa.

Tili ana tinkaimva ngati nthano ya moto basi. Nditakula, ambuye anandifunsa kuti, kamtengo kogona pansi ndi yani, koimirira ndi yani? Ndinaphimba nkhope ndi nsalu. Pamenepo ndi pamene ndinamva kuti moto umene ukunenedwawo si wa pamafuwa wokha. Ndi umene umabereka anthu, ndipo ndi womwewo umene unabweretsa imfa. Chauta wa kumwamba, mwini uta umene umaoneka mvula ikamakata, ndi bambo. Nthaka ndi mayi. Mvula yoyamba ija, chizimalupsa, ikagwa pa tchire lopsa, fungo la dothi n'kukwera, ambuye ankanunkhiza n'kunena kuti dziko laima. Mawu omwewo amene timanena mkazi akatenga pakati.

Ukamvetsa za motowo, zina zonse zitseguka zokha. Makolo ankagawa anthu pawiri, otentha ndi ozizira. Mwamuna ndi mkazi amene akukhalira limodzi kumphasa ndi otentha. Khanda ndi lozizira, wodwala ndi wozizira, namwali amene ali m'tsimba ndi wozizira, maliro ndi ozizira, nkhalamba ngati ine imene inasiya kalekale nayonso ndi yozizira. Kutentha si tchimo ayi, apa ndi pamene apadiri sankatimva. Koma mbiya yaiwisi ukaiika pamoto waukulu imaphulika. Wotentha akakhudza wozizira pa nthawi yosayenera amamudula. Ndiye mdulo umenewo: kutupa miyendo ndi nkhope, chifuwa chobaya, kuwonda. Kwa mwana timati amusempha, ali ndi tsempho.

Ndipo motowo umayenda mumchere. Ichi ndi chifukwa chake mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana kamwana kosadziwa kanthu kuti kadzathire. Palibe ankalengeza, palibe ankafunsa. Apongozi ankangomva kuti, iwe, tabwera udzandithirire mchere, n'kudziwa zonse. Kuchipinda nako kunali chinenero chake chopanda pakamwa. Namkungwi ankapatsa mkwatibwi mikanda, wofiira ndi woyera. Wofiira ukapachikika pakhoma mwamuna ankadziwa kuti njira yatsekedwa, atembenukire kukhoma. Woyera ukaoneka, ndiye kwayera. Amuna a masiku ano mumafuna kuuzidwa chilichonse pafoni. Agogo ako aamuna sanaphunzire kuwerenga ngakhale dzina lawo, koma mikanda iwiriyo sanaiphonyepo n'kamodzi komwe.

Tsono taona m'mene kudika kunkachulukira. Mkazi akachira, ndiye kuti akabereka, bambo ndi mayi ankadika mpaka tsiku lotenga mwana, pamene khandalo ankalidutsitsa pamoto n'kulilandira m'nyumba ya anthu otentha. Pakagwa maliro, abale ankadika mpaka kumeta. Ofulula mowa wa mizimu ankadika, kuopa kuti mowa ungasase. Woumba mbiya ankadika asanapite kumtapo. Mwamuna akapita ku uzimba, kapena pambuyo pake akapita kukagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Joni, mkazi wotsala ankadziwa kuti akatayirira, mnzakeyo akumana ndi nyanga ya njati kapena mwala wa mumgodi. Mwamunanso akayenda njira zokhota mkazi ali ndi pakati, ankati wamudula, ndipo pochira pakavuta azamba ankatuma mthenga kuti bamboyo aulule. Ukawerenga masiku a pachaka, amene makolo ankagona chofulatirana anali ambiri kuposa amene anthu a tchalitchi amasala. Awa ndi anthu amene buku lako likuwatchula olaula.

Za ng'anjo sindinazione ndi maso, zinatha ine ndisanabadwe, makasu a m'sitolo atafika. Koma atate awo a ambuye anga ankasungunula chitsulo, ndipo makasu a anthu a kwathu kuno ankagulitsidwa mpaka ku Tete. Ng'anjo ankaimanga kutchire, kutali ndi mudzi, ndipo inali mkazi. Amuna ankaidyetsa makala ndi miyala ya chitsulo, mphepo ikulowa m'timipope tadothi ta m'munsi, iyo n'kutentha usiku wonse mpaka kubereka chitsulo. Masiku onsewo amunawo ankagona komweko osayandikira akazi awo, chifukwa mwamuna wa ng'anjo akapita kwa mkazi wina, ng'anjo imapita padera. Ambuye ankaseka pofotokoza kuti chitsulo chikakanika, amuna ankabwera kumudzi nkhope zili ndwii, aliyense akuyang'ana mnzake kuti anazemba usiku ndi ndani. Khasu lobadwa m'mimba ya ng'anjoyo ndi limene linkakatema nthaka, mbewu n'kulowa, mvula n'kubwera pamwamba. Munsi ndi mtondo nazonso ndikuuze? Wakula, ganiza wekha.

Koma mwini nkhani yonseyi anali ku Msinja, kufupi ndi Kaphirintiwa komweko. Kumeneko kunkakhala Makewana, make wa ana, mkazi wa Chauta. Woyamba ankamutchula Mangadzi, wa mfunda wa Banda. A Phiri anali eni mpando, a Banda eni nthaka ndi mvula, ndipo Undi mwiniyo, amene dziko la Makanga linali m'manja mwake a Pereira asanalilande, ankatumiza mphatso ku Msinja pofuna mvula. Makewana sankakwatiwa ndi munthu. Sankameta tsitsi, chifukwa kumeta tsitsi lake kunali kumeta mvula. Ankavala zakuda, mtundu wa mitambo yolemera, ndipo nsembe za mvula nazo zinkakhala zakuda. Ankatumikiridwa ndi akazi osakwatiwa otchedwa Matsano. Pafupi panali dziwe lopatulika lotchedwa Malawi, m'mene ankati amamira popempha mvula. Panalinso ng'oma yopatulika, Mbiriwiri, usaisokoneze ndi Biriwiri wa pachipata pomwe timagulitsa kachewere. Woimba ng'omayo anali Tsang'oma, ndipo mvula ikakana mlandu unkagwera iyeyo.

Nanga mkazi wa Chauta mwamuna wake ankamuona bwanji? Ankabwera ngati njoka, Thunga. Panali munthu wa mfunda wa Mbewe, udindo wake Kamundi, amene pa nthawi yake ankalowa m'nyumba ya Makewana m'malo mwa njokayo. Sankanena kuti Kamundi walowa, ankati njoka yalowa. Usiku umenewo kumwamba ndi pansi zinkakumana m'nyumba imodzi, ndipo mwambo wa anamwali unkatsekedwa, minda ndi mimba za akazi zinkatseguka. Ndi chifukwa chake nsato siinkaphedwa wambawamba, ndipo ukaona m'mene njoka imavulira chikopa n'kukhalanso yatsopano, monga mwezi umafa n'kubadwanso, monga mkazi amayera mwezi ndi mwezi, udziwa kuti makolo sanaisankhe mwangozi.

Amene anaphwasula Msinja ndi abale a agogo ako omwe, Angoni a Maseko ochokera ku Domwe, cha m'ma 1870. Ambuye ankawanyogodola nazo amuna awo chilala chikavuta. Ankati, munatentha nyumba ya mvula, lero mukufuna ng'ombe zanu zimwe chiyani? Kenaka azungu anadula dziko mu 1891, Msinja n'kugwera kwa Angelezi, ife kwa Apwitikizi. Koma zimene zinkachitika ku Msinja mwaukulu zinatsala m'midzi mwaung'ono. Mfumu iliyonse ya mzinda inali ndi kachisi wake, ndipo mfumu ndi mkazi wake anali ngati chitseko cha mudzi.

Izi ndiye ndinaziona. Anamwali akalowa m'tsimba, mfumu inkadika, makolo a anamwali ankadika, aphungu ndi anamkungwi ankadika. Mudzi wonse unkazizira kuti ana aja adutse bwino pakati pa ubwana ndi ukulu, poti munthu amene ali pakati pa mtsinje sumugwedeza bwato. Kumtengo wa anamwali, kutchire, anamkungwi ankaumba zilengo zadothi, njoka, fulu, ng'ona, n'kuzidontheza madontho ofiira, oyera ndi akuda, ndipo chilichonse chinali ndi mwambo wake. Chofiira ndi magazi a mkazi. Choyera ndi mphamvu ya mwamuna, ndi ufanso. Chakuda ndi mtambo, ndi mdima wa m'mimba momwe mwana amaumbidwa. Tsiku lotuluka namwali ankavala chingondo kumutu, chamadontho omwewo, n'kuvina pabwalo atanyamulidwa paphewa. Zikatha zonse, mfumu ndi mkazi wake ankalowa m'nyumba kukamasula mudzi, ndipo m'mawa mwake mkazi wa mfumu ankaphika ndiwo zothira mchere ndi dzanja lake. Ukalawa mchere umenewo, ndiye kuti moto wabwerera m'mudzi mwadongosolo, kuyambira kumutu kutsikira kumapazi.

Zolaula zinalipo, sindikana. Gule akatuluka ku dambwe, ife akazi tinkaimba nyimbo zotchula zinthu ndi maina ake, zilombo n'kumatiyankha ndi matupi awo, apongozi ali pomwepo, atsibweni ali pomwepo. Mawu amene ukawanena pachitsime ungalipe nkhuku, pabwalo tsiku limenelo ankatuluka popanda mlandu. Mizimu ikabwera kudzacheza ndi amoyo, manyazi ankakhala pambali, monga zinalili ku Kaphirintiwa moto usanabuke. Ng'oma zikaleka, aliyense ankatolanso ulemu wake, n'kugwadira apongozi ngati sipanachitike kanthu. Mlendo wofika tsiku limodzi lokhalo ndi amene anakalemba buku lako. Za m'kati mwa dambwe usandifunse, ine ndine mkazi, ndimangodziwa kuti zilombo zimachokera kumanda. Koma Kasiyamaliro ukamuyang'ana m'mene mimba yake ilili, ndi m'mene amaperekezera wakufa ndi kulandira mnyamata wolowa, sufunika kulowa gule kuti udziwe kuti ameneyo ndi mayi.

Tsono usaganize kuti ndikukuuza kuti zonse zinali zokoma. Panali fisi. Wina anali wa banja losowa mwana, wobwera usiku mogwirizana ndi mwini nyumba, ndipo za ameneyo akuluakulu okhaokha ankamvana. Koma wina ankamutumiza kwa namwali wongotuluka kumene, amene sanafunsidwe n'komwe, ati kuchotsa fumbi. Mnzanga amene tinavinidwa limodzi zinamuchitikira, ndipo mpaka tsiku limene tinamuika sanasekepo nkhani imeneyo ikatchulidwa. Ambuye anga ndinkawakonda, koma pamenepa analakwa, iwo ndi anzawo onse. Matenda aja atabwera, fisi anasanduka wonyamula maliro khomo ndi khomo. Boma litakhazikitsa lamulo mu 2019 loletsa kukwatitsa mwana wosafika zaka 18, ine ndinaomba m'manja, ngakhale anzanga ena anandinena kuti ndagulitsa mwambo. Mwambo umene unkadikitsa mudzi wonse pofuna kuteteza mwana wozizira, unkatha bwanji kumupereka mwana yemweyo kwa munthu wotentha wosamudziwa? Funso limeneli ndinawafunsa ambuye ali moyo. Anangotafuna fodya wawo osayankha.

Mdulo nawo unkagwera kawirikawiri pamutu pa mkazi. Nkhondo itatithamangitsa mu 1986, tinakakhala ku Ntcheu, m'misasa, anthu a ku Tsangano ndi ku Angónia tili mbwee m'mbali mwa msewu. Kumeneko mlongo wawo wa amako, chitsiriza changa, anatupa miyendo, tsitsi n'kufiira. Alamu anga anandizungulira, ati unene amene wayenda naye, mwanayu wamusempha. Ine amene ndinkagona ndi njala pa chiguduli chimodzi ndi ana anayi! Ndinalira usiku wonse, m'mawa ndinamubereka kupita naye kuchipatala. Anamupatsa phala la soya ndi mkaka, patapita masabata angapo anayamba kuthamanga. Inali njala. Alamu aja sanapepese, anati mankhwala a tsempho amene anamumwetsa mobisa ndi amene anagwira ntchito. Mpaka lero amalume akowo akudya nsima, ndipo aliyense wa ife ali ndi chifukwa chake chimene anachirira.

Miyamboyi yamenyedwa ndi ndodo zambiri. Apadiri ankatimana sakramenti tikapezeka kubwalo, n'kutipangira chilangizo chawo cha kutchalitchi, chopanda ng'oma ndi zilengo. A Frelimo atalowa mu 1975 anati zonsezi ndi za mumdima, anthu ankavinira ana usiku, ng'oma ataifunditsa bulangete. Nkhondo inabalalitsa anamkungwi, ena anafera m'tchire ndi mwambo wawo m'mutu. Titabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992 tinapeza mtengo wa anamwali wa mudzi uno ataudula, anaotcha makala. Ndiye ndinaseka nditamva kuti ku Mua wansembe, bambo Boucher, wasonkhanitsa zigoba za gule ndi zilengo m'nyumba yoti anthu aziona, ndipo kuti mu 2005 a UNESCO anati Gule Wamkulu ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Chaka chotsatira anatero ndi mapanga a ku Chongoni ku Dedza, komwe pamiyala pali zithunzi zoyera zamadontho zimene anamkungwi akale ankaphunzitsira anamwali. Iwe unapitako ndi ana a sukulu, unandionetsa pafoni. Wokuperekezani uja anati chinyama chotambalala miyendo chija ndi chinsinsi chimene ophunzira akuchifufuzabe. Ine ndinachidziwa ndisanamalize kuchiyang'ana, ndipo sindikuuza, chimenecho ndi cha akazi. Ku Mkaika, kwa Gawa Undi, anamwali amavinabe pa Kulamba mwezi wa August, anthu a kuno amakwera malole kupita. Amavina bwino ndithu. Koma sindidziwa ngati m'midzi imene achokera muli mfumu imene inagona chofulatira chifukwa cha iwo.

Kuno zatsala zing'onozing'ono, za m'khitchini. Mkazi mnzangayu ndi wa ku Makanga ngati ambuye anga, ndipo amake anamulanga bwino, ngakhale amaimba kwaya. Chibwerereni pakhomo pano, mwezi ndi mwezi ndimamumva akuitana kamdzukulu ka kuseriku kuti kadzamuthirire mchere. Iwe umangodya, sufunsa. Mwezi wathawu sanakaitane. Uno ukutha, sanakaitanenso, ndipo dzana anathawa fungo la usipa. Tseka pakamwapo, ntchentche zilowa. Usakauze munthu, zimenezi salengeza, ndipo kwa iye usakanene kuti wamva kwa ine. Koma maulendo ako a Loweruka opita ku Ulongwe aja, uzibwerako dzuwa lisanalowe. Sonkhezera motowo, ndi kundipatsira bulangete langa apo.